Kachidutswa ka Extruder Kakasowa: Kukonza Pulinta ya 3D Pakhomo

Pulinta ya 3D yapatebulo imagwiritsa ntchito filamenti, chingwe cha pulasitiki chonenepa mamilimita 1.75. Chingwechi chimakankhidwira ku hotend komwe chimasungunuka n'kutulukira pa kabowo ka nozzle, kamene kawirikawiri kamakhala ka mamilimita 0.4. Chokankhacho ndi extruder: mota, giya ya mano, beling'i, mkono ndi sipuling'i, basi. Vuto ndi lakuti tizidutswa take tina n'tochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo kamodzi kakasowa makina onse amaima.

Kabuku kano kakutsata Ender 3 ya kampani ya Creality ya ku Shenzhen, m'dziko la China, yomwe inatuluka mu 2018. Extruder yake, ya mtundu wa MK8, imapezekanso pa mapulinta ena ambiri otsika mtengo. Kwa ife amene katundu woitanitsa kunja amatenga masabata kuti atipeze, kuimitsa ntchito podikira extruder yatsopano chifukwa cha kasikuluwu kamodzi n'kudzilanga chabe. Chosinthira chimapezeka m'nyumba momwemo kapena kwa okonza makompyuta, bola mudziwe ntchito ya kamene kasowako ndi miyeso yake.

Musanagwire chilichonse

Ngati chagwa n'chitsulo, pulinta ili yoyaka, ndipo simunaone komwe chalowera, zimitsani nthawi yomweyo n'kuzula pulagi. Pa Ender 3 yoyambirira bokosi la bolodi loyendetsa pulinta lili pansi chakutsogolo kumanzere, fani yake itayang'ana kumwamba. Kasikuluwu kakalowera pamenepo n'kugona pa bolodi, ndiye kuti mugula bolodi lina. Bokosi limeneli mukhoza kulitsegula n'kuyang'anamo. Koma bokosi lamagetsi, lija mumalowa chingwe cha kukhoma, musalitsegule, chifukwa limasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa. Pendekani pulinta, muigwedeze pang'ono, mumvetsere. Ngati muli chophokosera ndipo sichikutuluka, kaoneni wodziwa zamagetsi.

Ngati chasowa n'chapulasitiki, kapena mwachiona chikugwera pansi, palibe chothamangira. Tenthetsani nozzle mpaka madigiri 200, sololani filamenti yonse, chotsani kutentha, ndipo dikirani kuti kutsike kufika pa madigiri 50 musanazimitse. Fani ya hotend ikaima msanga, kutentha kumakwera n'kukafewetsa pulasitiki pamalo osayenera.

Waya wa mota musamuzule kapena kumulumikiza pulinta ili yoyaka. Kachipangizo ka pa bolodi koyendetsa motayo kamapsa ndi zimenezi.

Kafufuzeni kaye

Yambani ndi pulinta yomweyo. Onani m'ngalande za mafelemu a aluminiyamu, pansi pa bedi, kuseri kwa mawilo, ndi pa thupi la mota. Ngati yanu ndi Ender 3 Pro, nyamulani chophimba bedi, chifukwa chili ndi maginito ndipo timasikuluwu timakakamira pamenepo. Dziyang'aneninso nokha: m'mapindiro a thalauzi, m'chitenje, m'nsapato.

Pansi, zimitsani getsi la m'chipinda n'kugoneka tochi pasimenti kuti kuwala kuyende chokwawa. Kanthu kakang'ono kamaponya chithunzithunzi chachitali chimene diso limachiona msanga. Maginito a sipika yakale, atakulungidwa m'jumbo, amathandiza pansi pa kabati ndi m'makona. Mukatembenuza jumbo, zonse zomwe agwira zimatsalira mkati. Maginito sagwira bulasi, aluminiyamu kapena pulasitiki, choncho giya ndi kakilipi kapulasitiki ka pa paipi ya filamenti n'zofuna maso. Mukasesa, zinyalalazo muzisefe musanataye. Uzani onse m'nyumba kuti kanthu kasowa, makamaka ngati muli ndi mwana wokwawa.

Nthawi zina simudziwa n'komwe kuti kanthu kasowa, mumangoona pulinta ikuyenda koma osatulutsa pulasitiki. Apa tengani maka, mulembe mzere umodzi wodutsa pamwamba pa shafiti ya mota ndi pa giya. Uzani pulinta kuti ikankhe filamenti. Mzerewo ukaduka, shafiti ikuzungulira yokha giya itatsalira, ndiye kuti kasikuluwu ka giya kamasuka kapena kagwa. Giya ikamazungulira koma filamenti osayenda, n'kumaoneka fumbi la pulasitiki pa mano, vuto lili ku sipuling'i, ku beling'i kapena ku mkono. Paipi yoyera yoyendamo filamenti ikamasuntha chotuluka ndi cholowa pa coupler, kachitsulo koigwira, kakilipi kachoka. Mota ikamalira kuti tha, tha, tha n'kumabwerera m'mbuyo, extruder ilibe mlandu: kutsogolo kwatsekeka kapena nozzle sinatenthe mokwanira.

Kasikuluwu ka giya

Kameneka ndi kamene kamasowa kawirikawiri, ndipo ndi kamene anthu amaonongerapo zinthu pofuna kukasintha. Giya ya bulasi, ya mano 40, imavala pa shafiti ya mamilimita 5. Imagwidwa ndi kasikuluwu kopanda mutu ka M3, ndiko kuti mazinga a mamilimita 3, ndipo kamamangidwa ndi Allen key ya 1.5, yaing'ono kwambiri mwa zija zinabwera ndi pulinta. Ma Ender 3 ena anabwera ndi giya yongokhomerera, yopanda kabowo kalikonse m'mbali. Ngati yanu ndi yotero, palibe chasowa, ndipo musayese kuizula ndi pulayala.

Magiya ambiri ali ndi timasikuluwu tiwiri. Kamodzi kakatsala, ntchito siima. Yang'anani shafiti: ili ndi mbali imodzi yosalala, yophwatalala. Kasikuluwu kotsalako kakhale moyang'anizana ndi mbali imeneyo. Kakamangidwa pambali yozungulira kamagwira lero n'kuterereka mawa.

Tonse tiwiri tikasowa, pangani kanu kuchokera ku sikuluwu wamba ya M3. Kompyuta yakufa ndi nkhokwe yake: masikuluwu ogwira hard disk yaing'ono ya m'laputopu, ndi ogwira chowerengera ma CD mu kompyuta yapatebulo, ndi a M3. Chenjerani ndi aja omangira bokosi la kompyuta ndi hard disk yaikulu ya mainchi 3.5. Amenewo ndi a muyeso wa ku America wa 6-32, onenepa pang'ono, a mazinga otalikirana. Pa maso amaoneka ofanana, ndipo amalowa pang'ono m'kabowo kenako n'kulimba. Mukakakamiza, mazinga a bulasi amadyeka ndipo giya yatha ntchito. Sikuluwu yoyenera imalowa ndi zala zokha, popanda kulimbana nayo.

Kudula kwake kuli ndi njira. Sankhani sikuluwu yotalikirapo kuti mukhale ndi pogwira. Ivekeni nati mpaka kumutu, muipanitse pa vayisi kapena ndi pulayala. Kunsonga kwake chekani kamzere kakuya pafupifupi milimita imodzi ndi sowo yaing'ono yodulira zitsulo. Kamzereka ndi kolowetsapo sikuludilaiva. Kenako dulani kachidutswa ka mamilimita 3 kapena 4 kuchokera kunsongako. Yalani nsalu pansi podula, apo ayi muyambanso kusaka ndi tochi. Podulapo salazani ndi tupa kuti mazinga alowe bwino. Amene akuona kuti manja ake sangakwanitse apite nayo giya kwa okonza mawotchi kapena mawayilesi, amene amazolowera tinthu totere.

Pomanga, lowetsani kachidutswa ka filamenti m'njira yake kuti muone msinkhu wa giya. Filamenti idutse pa mano, osati pambali yosalala pomwe pali kasikuluwu. Ngati mano adyeka mpaka kuchita kangalande, kwezani kapena tsitsani giya pang'ono kuti filamenti ikumane ndi mano atsopano. Bulasi ndi wofewa, ndipo giya imodzi imapirira nthawi yaitali mukamaisuntha chonchi. Mukamanga, zungulitsani giya ndi dzanja mpaka ibwerere pomwe inayambira, muone kuti kasikuluwu sikakugunda mkono kapena beling'i. Kuti kasamasukenso, ikani kadontho ka mankhwala a buluu olimbitsira mazinga. Kyutekisi nayenso amathandiza. Supaguluu ayi: tsiku lofuna kusintha giya mudzalira.

Kakilipi ka pa coupler

Kapulasitiki kameneka, kabuluu pa mapulinta ambiri, anthu amakaona ngati kokongoletsa, ndipo ena amakataya tsiku lomwe akumanga pulinta. Mkati mwa coupler muli mano achitsulo oluma paipi yoyera ija ya PTFE. Mukadina kakhosi ka pamwamba, manowo amataya paipi. Kakhosi kakakwera, amaluma. Kakilipi kamakhala pansi pa kakhosiko kuti kasatsike.

Pulinta ikamagwira ntchito imabweza filamenti m'mbuyo mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi iliyonse ikamadumpha malo, kuti pulasitiki asadonthe. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa chinthu chimodzi. Popanda kakilipi, paipi imatsatira filamenti uku ndi uku, mano n'kumaikukuta mpaka kuichekera kangalande. Ku extruder zotsatira zake ndi ulusi wa pulasitiki wotsalira pa zopangidwa. Ku hotend n'koopsa kwambiri. Pa Ender 3 paipi imatsika mpaka kukagunda nozzle yeniyeni. Ikasuntha ngakhale theka la milimita, pamatseguka mpata, pulasitiki wosungunuka n'kudzazamo, n'kuuma. Mwini pulinta amasintha nozzle kawiri katatu vuto osatha, pamene gwero lake ndi kakilipi kosowa.

Chosinthira n'chapafupi. Kankhani paipi mpaka igunde, kokerani kakhosi m'mwamba ndi chikhadabo, ndipo mumange cable tie yaing'ono mumpata wa pansi pake. Waya wa kopa wozengeza kawiri amagwiranso ntchito. Yesani pokoka paipi ndi dzanja: isasunthe.

Ngati paipi yachekeka kale, dulani kunsonga mamilimita angapo kuti mano alume malo atsopano. Dulani ndi lezala, mowongoka, mutaigoneka pathabwa. Sizasi imaphwanya paipi n'kusiya nsonga yopendekeka imene singagwirane ndi nozzle. Kubwezera paipi ku hotend ndi ntchito yochita pulinta ili yoyaka, choncho zala zikhale kutali ndi chitsulo. Tenthetsani mpaka madigiri 200, gwirani chitsulo chotenthacho ndi sipanala mosamala timawaya take tiwiri tating'ono, masulani nozzle ndi sipanala ya 6 mosakwana kuzungulira kumodzi, kankhani paipi mpaka pansi, ikani kakilipi, kenako mangani nozzle. Pomangika, nozzle imakankha paipi n'kutseka mpata wonse.

Coupler yonse ikasowa kapena mano ake akatha, pogula dziwani kuti zilipo ziwiri ndipo n'zosiyana. Ya pa extruder ndi PC4-M6, ya pa hotend ndi PC4-M10, ndipo yachiwiriyi iyenera kulola paipi kudutsa mpaka kuseri. Paipi yake ndi ya mamilimita 4 kunja, 2 mkati.

Sipuling'i

Imathawa pochotsa mkono, ndipo imauluka patali. Ntchito yake n'kukankha mkono kuti beling'i ipanikize filamenti pa mano a giya. Ya m'bolopeni n'njofooka kwambiri, musataye nayo nthawi. Masipuling'i a pansi pa bedi ndi oyandikira kukula kwake, choncho amene anasinthapo a bedi n'kusunga akale ali ndi mwayi. Pofuna kwa okonza njinga zamoto kapena m'hadiweya, tengani mkonowo kuti mukayese pomwepo.

Podikira, kachidutswa ka labala yofufutira kapena mphira wa chubu wokulungidwa mothina, wopanikizidwa pamalo a sipuling'i, ukhoza kukutulutsirani zinthu zing'onozing'ono. Mphamvu yoyenera imaoneka pa filamenti yomweyo. Kankhani pang'ono, sololani, muyang'ane. Mano asiye timizere tooneka bwino, totalikirana mofanana. Timizere tikakhala tosaoneka, onjezani mphamvu. Filamenti ikaphwatalala, chepetsani, chifukwa yophwatalala imakakamira m'paipi.

Beling'i, washala ndi kapaipi ka pa mkono

Beling'i ya pa mkono ili ndi ngalande pakati yoyendamo filamenti. Bowo lake ndi la mamilimita 4, kunja 13, kunenepa 4, ndipo ogulitsa ambiri amaitcha 604UU. Ya 624ZZ ili ndi bowo ndi kukula komweko koma ilibe ngalande ndipo ndi yonenepa mamilimita 5; ikhoza kugwirizira masiku angapo ngati sikukhuza giya, mutachepetsako mphamvu ya sipuling'i. Za m'mawilo a pulinta, za 625, n'zazikulu ndipo sizikwana. Pansi pa beling'i pamakhala washala wamng'ono amene amaikweza kuti isakhuze mkono. Akasowa, beling'i imalimba mukamanga sikuluwu. Washala wolowa m'malo akhale wochepa, wogunda mkombero wamkati wokha. Mukamanga, beling'i izizungulira mukaikankha ndi chala.

Pomwe mkono umazungulirapo, pa ma extruder ambiri pali kapaipi kachitsulo kovala sikuluwu. Kamalola kuti sikuluwu imangike zolimba mkono uli womasuka. Kakasowa, musamange mpaka kumapeto: mangani mpaka mkono usiye kugwedera koma uzibwerera wokha mukausiya, ndipo muike kadontho ka kyutekisi pa mazinga.

Mkono uli m'manja, utembenuzeni muone kunsi, pafupi ndi beling'i. Mkono wa pulasitiki wa Ender 3 umadziwika ndi kung'aluka pamenepo, ndipo mng'alu wake suoneka uli pamalo pake. Wong'aluka sumatika. Sipuling'i yatsopano pa mkono wotere n'kungotaya ndalama.

Kumanganso

Gwirirani ntchito m'thireyi kapena pa nsalu yoyera, ndipo jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Masikuluwu ogwira extruder ndi omwewo agwira mota kunsi kwa chitsulo, choncho pomasula yomaliza dzanja lina likhale pansi pa mota kuti isagwe n'kudula waya. Imodzi mwa masikuluwuwa ili ndi mutu wolowa mkati kuti mkono uzidutsa pamwamba pake. Ikasowa, ya mutu wotukuka singalowe m'malo mwake. Mabowo a pa mota ndi osaya, sapitirira mamilimita 5. Sikuluwu yotalika imagunda pansi n'kumveka ngati yamangika pamene extruder ikugwedera. Ifupikitseni kapena muonjezere washala pansi pa mutu.

Tsukani mano a giya ndi mswachi wouma. Mafuta asayandikire mano. Sipuling'i ilowe pomalizira, chala chili pamwamba pake.

Kuyesa mamilimita 100

Ntchito yatha pokhapokha extruder ikakankha mlingo womwe yauzidwa. Lowetsani filamenti ya PLA, mutenthetse madigiri 200. Mapulinta a pulogalamu ya Marlin amakana kuyendetsa extruder kutentha kukakhala kosakwana 170. Yezani mamilimita 120 kuchokera pakhomo pa extruder, muike chizindikiro ndi maka. Uzani pulinta ikankhe mamilimita 100, kaya pa sikirini yake kapena pa kompyuta yolumikizidwa ndi USB, pa pulogalamu ngati Pronterface. Pa kompyuta lembani M83, kenako G1 E100 F100. Zimatenga mphindi imodzi. Yezani zotsala: zikhale mamilimita 20.

Ender 3 imabwera ndi nambala 93, kutanthauza masitepe a mota pa milimita iliyonse. Tinene kuti kwatsala 26, ndiye kuti yakankha 94. Nambala yatsopano ndi 93 kuchulukitsa ndi 100, kugawa ndi 94, yankho 98.9. Lembani M92 E98.9, kenako M500 kuti isungike. Pa mapulinta ena khadi la SD liyenera kukhala mkati posunga.

Koma musathamangire kusintha nambalayi. Ngati giya ndi yomweyo ya kale, pulinta inkagwira bwino pa 93, ndipo lero yaperewera mamilimita khumi, vuto si nambala. Penapake pakuterereka kapena patsekeka. Bwerezani kuyesako kawiri kapena katatu. Zotsatira zikamasiyana, bwererani ku kasikuluwu, ku sipuling'i ndi ku paipi. Nambala isinthidwe pokhapokha zotsatira zikufanana nthawi zonse, kapena mwaika giya ya mtundu wina.

Pulinta idzipangire chosowacho

Mapulinta apatebulo ambiri anachokera ku ntchito ya RepRap, imene Adrian Bowyer anayambitsa ku yunivesite ya Bath, ku England, mu 2005, ndi cholinga choti makina azipanga zidutswa zawo zambiri. Mwambo wogawana mafayilo unatsala. Pa mawebusayiti a Printables ndi Thingiverse pali mafayilo aulere a kakilipi ndi a mkono wa Ender 3. Cable tie ndi labala zija zikangoyambitsa pulinta, choyamba kupanga chikhale makilipi. Amatenga mphindi zochepa. Pangani angapo onenepa mosiyana, musankhe kamodzi kolowa mothina, otsalawo muwasunge m'kabotolo ka mankhwala kotsekeka bwino.

Mkono upangidwe wodzadza mkati, wa makoma ochindikala, utagona chafufumimba pa bedi kuti mizere yake itsatire kutalika kwa mkono. PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo mota ya extruder imafunda pa ntchito yaitali, makamaka mu Okutobala m'chipinda cha malata. Ngati muli ndi filamenti ya PETG, gwiritsani ntchito imeneyo. Imafuna madigiri 230 mpaka 240 pa nozzle. Musakwere kupyola 250 pa hotend imene paipi ya PTFE imafika pa nozzle, chifukwa paipiyo imaonongeka n'kutulutsa mpweya woipa. Giya, kasikuluwu kake ndi beling'i sizipangidwa ndi pulasitiki.

Kugula extruder ina kumayenera thupi lake likasweka, mazinga a coupler akadyeka, kapena mkono ukang'aluka kachiwiri. Ya aluminiyamu ya mtundu womwewo imamangika pa mabowo omwewo, ndipo nambala imakhalabe pafupi ndi 93. Onani chithunzi bwino musanalipire, chifukwa ilipo ya kumanja ndi ya kumanzere. Ya mtundu wa BMG, ya magiya awiri oluma filamenti mbali zonse, imachepetsa liwiro la mota katatu, choncho nambala yake imakwera kufika pafupifupi 415, ndipo pa mapulinta ena mota imazungulira mobwerera mpaka mutasintha. Poitanitsa, kaya pa intaneti kapena kudzera mwa mbale amene akuchokera ku Johannesburg, onjezerani m'phukusi lomwelo timasikuluwu topanda mutu ta M3, ma coupler a mitundu yonse iwiri, mita imodzi ya paipi ya PTFE, beling'i ndi Allen key ina ya 1.5.